Mutu 6: Johannesburg ndi London, Mtunda Umodzi Nthawi Zosiyana

Pakati pa bwalo la ndege la OR Tambo ku Johannesburg ndi bwalo la Heathrow ku London pali makilomita pafupifupi 9,070. Ndege ya masiku ano imamaliza mtunda umenewu m'maola 11 ndi mphindi zingapo, osatera paliponse. Anthu ambiri a kuno kwathu amaudziwa bwino ulendowu: anamwino ogwira ntchito m'zipatala za ku Britain, ophunzira, amalonda, achibale othamangira maliro. Amanyamuka ku Joni dzuwa litalowa, kukamacha ali ku Ulaya, miyendo itatupa.

Manambala awiriwa timawatchulira pamodzi, koma sachokera kumodzi. Mtundawo ndi wa dziko lapansi. Unali womwewo munthu asanaganize n'komwe zouluka, ndipo palibe boma kapena kampani imene ingauchotsere kilomita imodzi. Maola aja ndiye nkhani ina. Mu 1932 anali masiku ambirimbiri. Mu 1952 anali usana ndi usiku wathunthu. M'zaka za m'ma 1970 ankatengera kuti mwakwera ndege ya dziko liti, ndipo mu August 2023 anatalika mwadzidzidzi chifukwa cha asilikali a ku Niger. Wofuna kumvetsa maulendo a pandege ayambe wasiyanitsa kaye ziwirizi.

Ulusi pa gulobu

Mapu amene amapachikidwa m'makalasi ambiri amatsatira kajambulidwe kamene Gerardus Mercator anatulukira mu 1569. Iye ankafuna kuthandiza amalinyero, ndipo anawathandizadi. Vuto ndi lakuti dziko ndi lobulungira pamene pepala ndi lafulati, ndiye kuti chobulungiracho chigone papepala chimayenera kukokedwa. Madera a kumpoto kwenikweni ndi kummwera kwenikweni ndi amene amakokedwa kwambiri. N'chifukwa chake chilumba cha Greenland chimaoneka ngati chikulingana ndi Africa, chikhalirecho Africa amachiposa maulendo 14. Mukaika rula pa mapu oterowo n'kulemba mzere wowongoka pakati pa mizinda iwiri yotalikirana, nthawi zambiri mzerewo sukhala njira yachidule.

Njira yachidule yeniyeni imapezeka pa gulobu, kampira kaja kojambulidwa mayiko. Tengani ulusi, mupanikize nsonga imodzi pa mzinda woyamba, ina pa mzinda wachiwiri, mukoke mpaka ulusiwo ukungike. Pamene wagonapo ndi pamene pali pafupi. Mutati muupitirize kuzungulira mpira wonsewo, ungaugawe pakati ndendende, magawo awiri ofanana. Mtunda wa pakati pa mabwalo a ndege umayezedwa motsatira mzere umenewu, ndipo ndi umene ukutipatsa makilomita 9,070 aja.

Ulusiwu umadabwitsa. Kuchokera ku London kupita ku Los Angeles, umakwera kumpoto n'kudutsa pa Greenland ndi kumpoto kwa Canada. Pakati pa Sydney ndi Johannesburg umatsetserekera kummwera kwa nyanja ya Indian, kufupi ndi Antarctica, moti masiku ena okhala pawindo amaona madzi oundana ali mbuu pansi. Pa kanema wa kumbuyo kwa mpando njirazi zimaoneka zokhota ngati woyendetsa wasochera, koma kukhotako ndi kwa mapu. Ndegeyo ikuyenda mowongoka.

Ulendo wa Johannesburg ndi London suchititsa chidwi chotero, chifukwa umaloza kumpoto n'kungopendekera pang'ono kumadzulo, ndipo pa maulendo oterewa rula ndi ulusi sizisiyana kwenikweni. Ndege imadutsa pa Botswana, n'kulowera chakumalire a Angola ndi Zambia, n'kuwoloka nkhalango za Congo ndi mzere wa ikweta, kenako chipululu cha Sahara, nyanja ya Mediterranean ndi France. Kuzungulira dziko lonse ndi makilomita pafupifupi 40,000. Choncho munthu amene wagona pampando ku Johannesburg n'kudzuka ku London wayenda gawo limodzi mwa magawo anayi a mtunda umenewo, kuperewera pang'ono.

Oyendetsa ndege sawerenga m'makilomita. Amagwiritsa ntchito mailo ya panyanja, imene ndi mamita 1,852. Muyeso umenewu unachokera pa gulobu pomwepo: mizere yopingasa yojambulidwa pamenepo imagawa dziko m'madigiri, digiri iliyonse ili ndi timagawo 60, ndipo kagawo kamodzi ndiko mailo imodzi ya panyanja. Kwa iwo, London ali pa mamailo 4,900 kuchokera ku Johannesburg.

Samu yosavuta, ndi zimene imabisa

Ndege zikuluzikulu zonyamula anthu zikafika mmwamba, pa makilomita 10 mpaka 12 kuchokera pansi, zimathamanga makilomita 850 mpaka 900 pa ola. Pamenepa pali samu imene aliyense angathe. Gawani mtunda ndi 850, pa yankholo muwonjezerepo theka la ola. Makilomita 9,070 kugawa ndi 850 ndi maola 10 ndi mphindi 40. Kuwonjezera mphindi 30 zija tikupeza maola 11 ndi mphindi 10. Yesani ndi Lilongwe kupita ku Johannesburg, makilomita pafupifupi 1,500: samuyo ikupereka maola 2 ndi mphindi 15, ndipo pa tikiti pamalembedwa maola awiri ndi theka kapena kuchepera pang'ono. Basi yodzera ku Tete ndi ku Beitbridge imatha tsiku lathunthu ndi kuposerapo.

Theka la ola lowonjezeralo likuchokera kuti? Nthawi imene imalembedwa pa tikiti siyambira pamene matayala anyamuka pansi. Imayamba pamene ndege yasuntha pamalo okwerera anthu, kathalakitala kakuikankhira kumbuyo, ndipo imatha pamene yaima pamalo otsikira kumene ikupitako. M'kati mwake muli kukwawa pang'onopang'ono kupita pa msewu wothamangira, kudikira pamzere ndege zinzake zinyamuke, kukwera mmwamba kumene kumatenga mphindi 20 kapena 30 pa liwiro locheperako, ndi kutsika kumene kumayambira kutali, makilomita pafupifupi 200 bwalo lisanafike. Makampani amawonjezeraponso mphindi zingapo zodzitetezera kuti azioneka osunga nthawi. Woyendetsa akalengeza kuti mwafika msanga, kawirikawiri amakhala kuti wangobweza mphindi zimene anakusungirani kale.

Pa ulendo wautali zinthu zimenezi sizimveka. Pa ulendo waufupi ndiye zimadya pafupifupi nthawi yonse. Kuchokera pa bwalo la Kamuzu ku Lilongwe kukafika pa Chileka ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 250. Pa liwiro la 850 umenewo ndi ulendo wa mphindi 18 zokha, koma ndege siimaliza n'komwe kukwera nthawi yotsika isanakwane, ndipo ulendowo umatenga mphindi 40 kapena kuposa. Mukaphatikiza kupita ku bwalo, kuonetsa matikiti, kudikira katundu ndi kulowa m'tauni, kusiyana kwake ndi galimoto ya pa M1 kumachepa kwambiri. Phindu la ndege limakula ndi mtunda.

Mlengalenganso muli misewu. Ndege zimatsata malo odziwika ndi mayina, kuchoka pa ena kupita pa ena, ndipo oyang'anira kayendedwe ka ndege a dziko lililonse amailandira pamalire n'kukaisiya m'manja mwa anzawo a dziko lotsatira. Misewuyi siigona ndendende pa ulusi uja, choncho mtunda umene ndege imaulukadi umaposa wa m'buku.

Mphepo ya kumwamba

Kuchokera ku New York kupita ku London, makilomita pafupifupi 5,550, ndege imatenga maola ngati 7. Pobwerera imatenga ngati 8. Kuchokera ku Johannesburg kupita ku Sydney, makilomita 11,000, ndi maola ngati 12, koma kuchokera ku Sydney kubwera kuno ndi 14. Ndege yomweyo, mizinda yomweyo.

Anthu ambiri amaganiza kuti chimachititsa ndi kuzungulira kwa dziko: akuti poti dziko limazungulira kulowera kummawa, ndege yopita kumadzulo iyenera kufika msanga chifukwa mzinda umene ikupitako ukubwera kudzaichingamira. Zikanakhala choncho, ulendo wa kumadzulo ndi umene ukanakhala waufupi, koma taona kuti ndi umene uli wautali. Mpweya umazungulira limodzi ndi dziko, ndipo ndege ili m'kati mwa mpweyawo. Chimene chimasiyanitsa maulendowa ndi mphepo.

Pa msinkhu womwe ndege zimauluka pali mikwasa ya mphepo yamphamvu kwambiri yowomba kuchokera kumadzulo kupita kummawa, imene akatswiri a zanyengo amaitcha jet stream. Imabadwa pamene mpweya wofunda wochokera chakuikweta wakumana ndi mpweya wozizira wochokera kumathero a dziko, ndipo kuzungulira kwa dziko kumaikhotetsera kummawa. Liwiro lake limafika makilomita 150 mpaka 300 pa ola, nthawi yozizira limaposa pamenepo. Katswiri wa zanyengo wa ku Japan, Wasaburo Oishi, anaiyeza m'zaka za m'ma 1920 poulutsa zibaluni n'kumazitsatira. Zimene anapeza anazilemba m'chinenero cha Esperanto, ndipo akatswiri ambiri a mayiko ena sanaziwerenge. Oyendetsa ndege zankhondo za America anakakumana nayo okha mu 1944 pamwamba pa Japan, n'kudabwa kuona ndege zawo zikukanika kupita patsogolo pamene injini zikulira mwamphamvu.

Wopalasa bwato pa Shire amazidziwa izi. Kupalasa kwake n'kumodzimodzi, koma potsika ndi madzi magombe amathamanga, pokwera amachita kukwawa. Ndege nayonso ili ndi maliwiro awiri: limene ikudulira mpweya, ndi limene ikudutsira nthaka. Mu February 2020, pa nthawi ya namondwe wotchedwa Ciara, ndege ya British Airways ya mtundu wa Boeing 747 inachoka ku New York n'kufika ku London m'maola 4 ndi mphindi 56. Pena inkadutsa nthaka pa makilomita oposa 1,300 pa ola, kuposa liwiro la phokoso, komabe mumpweya umene unainyamulawo inkathamanga monga mwa masiku onse. Chifukwa cha mphepoyi, njira za pamwamba pa nyanja ya Atlantic zimakonzedwa mwatsopano tsiku lililonse: zopita kummawa zimaifunafuna kuti ziikwere pamsana, zopita kumadzulo zimaizemba, ngakhale kuzembako kutalikitse mtunda.

Ulendo wa Johannesburg ndi London umangoidula mphepoyi chopingasa, n'chifukwa chake kupita ndi kubwera sikusiyana kwambiri. Mdani wake ali pakati pa Africa. Chakuikweta kuli lamba wa mitambo ya mabingu amene amayenda ndi dzuwa, kutsikira kummwera miyezi ya December mpaka March n'kubwerera kumpoto pakati pa chaka. Ndi lamba yemweyu amene amatibweretsera mvula ya dzinja. Mitambo yake imatha kutalika kupitirira makilomita 15, pamene ndege yonyamula anthu singafike, ndiye woyendetsa amaiona pa makina ake n'kuilambalala. Kugwedezeka kumene kumadzutsa anthu pakati pa usiku, nyali ya malamba itayaka, kawirikawiri kumachitikira pamwamba pa Congo.

Masiku 11, ndi njira yozungulira Africa

Kampani ya Imperial Airways inayamba kunyamula makalata ndi anthu kuchokera ku London kukafika ku Cape Town, kudzera ku Johannesburg, mu 1932. Ulendowo unkatenga masiku 11. Mbali ina ya ku Ulaya ankayenda pa sitima ya pamtunda, nyanja ya Mediterranean ankawoloka pa ndege yotera pamadzi, kenako n'kumasintha ndege kutsata mtsinje wa Nile. Ankauluka masana okha, usiku n'kugona pansi. Mwa malo oterapo munali Mbeya, Mpika ndi Broken Hill, imene lero ndi Kabwe. Ndege za nthawi imeneyo zinkanyamula mafuta ochepa ndipo zinkauluka m'munsi, m'kati mwenimweni mwa mitambo ndi mphepo yotentha, moti kusanza kunali mbali ya ulendo.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, kampani ya BOAC inayendetsa ndege zotera pamadzi za mtundu wa Solent kuchokera ku Southampton kukatera pa damu la Vaal, kummwera kwa Johannesburg, ulendo wa masiku oposa anayi. Kuyambira chakumapeto kwa 1949 mpaka mu 1950, zina mwa ndegezi zinkatera pa nyanja yathu, ku Cape Maclear. Kwa chaka chimodzi chokha, gombe la ku Mangochi linali pa msewu waukulu wa pakati pa Britain ndi South Africa.

Kusintha kwakukulu kunabwera pa 2 May 1952. Tsiku limenelo ndege ya BOAC ya mtundu wa de Havilland Comet inanyamuka ku London ndi anthu 36, ndipo unali ulendo woyamba padziko lonse wa ndege ya jeti yonyamula anthu olipira. Kumene inkapita kunali ku Johannesburg. Inatera kasanu panjira kumwa mafuta: Rome, Beirut, Khartoum, Entebbe ndi Livingstone. Inafika patatha maola 23 ndi mphindi 40. Onani mizindayo pa gulobu: Beirut ali kutali ndi ulusi uja. Njira inkatsata pamene pali bwalo ndi mafuta, ndipo ndegeyo inauluka makilomita oposa 10,000. Chisangalalo cha Comet sichinakhalitse. Mu 1954 ndege ziwiri za mtunduwu zinaphulikira mlengalenga pafupi ndi Italy, yachiwiriyo ili pa ulendo womwewu wa ku Johannesburg. Ofufuza anapeza kuti chitsulo cha thupi la ndege chinkatopa ndi kufufuma ndi kuphwa kwa ulendo uliwonse, mpaka kung'ambika. Zimene anaphunzira pa ngozizo zili m'ndege iliyonse imene tikukwera lero.

Pofika m'ma 1960 ndege za Boeing 707 zinali zitachepetsa malo oterapo, ndipo zinkaoneka kuti chatsala n'kungowongola njira. Apa ndi pamene ndale zinalowerera. Mu May 1963 atsogoleri a mayiko a Africa amene anali atangolandira ufulu anakumana ku Addis Ababa n'kukhazikitsa bungwe la OAU, ndipo chimodzi mwa zimene anagwirizana chinali kutsekera boma la tsankho la South Africa madoko ndi mabwalo a ndege. Chaka chomwecho ndege za South African Airways zinaletsedwa kudutsa mumlengalenga mwa mayiko ambiri a Africa. Malawi, amene anakhazikitsa ubale wa ukazembe ndi boma la South Africa la ku Pretoria mu 1967, ankazilandira ndegezi, koma zimenezo sizinatsegule njira ya ku Ulaya, popeza kumpoto kwake kunali kotseka.

Ndege za South Africa zinayamba kutulukira kunyanja ya Atlantic, n'kuzungulira chimimba chonse cha kumadzulo kwa Africa zili pamwamba pa madzi. Poyamba zinkamwa mafuta m'madera olamulidwa ndi Portugal ndi Spain, monga Luanda ndi Las Palmas. Angola atalandira ufulu mu 1975, malo odalirika anatsala pa kachilumba kouma ka Sal ku Cape Verde, kumene ndege zinkatera pakati pa usiku. Dziko la Cape Verde, losauka ndiponso longolandira kumene ufulu, linapitiriza kuzilola chifukwa ndalama zake linkazifuna. Njira imeneyi inkawonjezera makilomita oposa 2,500, ndiye kuti maola atatu mlengalenga, osawerengera nthawi yoima pansi. Ndege za makampani a ku Ulaya zinkadutsa pakati pa Africa bwinobwino, zambiri zikuima ku Nairobi. Anthu awiri onyamuka ku Johannesburg usiku umodzi ankafika ku London nthawi zosiyana kwambiri malinga ndi mbendera yojambulidwa pa chipsepse cha ndege yawo. South African Airways inagula ndege za Boeing 747SP, zazifupi thupi koma zouluka mtunda wautali, ndipo mu 1976 imodzi mwa izo, pochokera ku fakitale pafupi ndi Seattle, inauluka makilomita oposa 16,000 osatera mpaka ku Cape Town.

Chiletso chimenechi ndimachiona kuti chinali choyenera. Mayiko amene anachiika analibe zida kapena chuma choopsezera Pretoria, koma anali ndi thambo la pamwamba pa minda yawo, ndipo analigwiritsa ntchito. Kwa zaka pafupifupi 28 boma la tsankho linkalipira mafuta a maola owonjezera usiku uliwonse. Njira yodutsa pakati pa Africa inatsegukanso mu 1991, Nelson Mandela atatuluka kale m'ndende.

Musaganize kuti zimenezi zinatha ndi tsankho. Pa 26 July 2023 asilikali analanda boma la Mohamed Bazoum ku Niger, ndipo pa 6 August anatseka mlengalenga mwa dzikolo. Ku Sudan kunali kotseka kale chifukwa cha nkhondo imene inabuka mu April chaka chomwecho, ndipo Libya makampani ambiri anali akumupewa kwa zaka. Mwadzidzidzi pakati pa Africa panagona chipika. Ndege za pakati pa Ulaya ndi kummwera kwa Africa zinayenera kukhotera kumadzulo kapena kulowera ku Nyanja Yofiira, n'kuwonjezera ola limodzi kapena kuposa, mpaka Niger anatsegulanso mu September. Kumpoto nakonso, chitsekereni mlengalenga mwa Russia mu 2022, ulendo wa Helsinki ndi Tokyo umene unali wa maola 9 unafika pa maola 13.

Kutalika kwa Johannesburg, tulo ta anthu a ku London

Bwalo la OR Tambo lili pa mamita pafupifupi 1,700 kuchokera pamwamba pa nyanja, kuposa pang'ono tauni ya Dedza. Pamalo okwera chonchi mpweya ndi wopepuka, ndipo kukatentha umapepukiratu. Mapiko amasowa chogwira, injini nazo zimachepa mphamvu. Ndege yopita ku London imanyamuka italemedwa ndi mafuta a maola 11, kuphatikizapo ena okafikira pa bwalo lina ngati Heathrow atatsekedwa, ndi enanso osungira a theka la ola. Kuti chimtolo chotere chidzuke pamafunika kuthamanga mtunda wautali, n'chifukwa chake msewu waukulu wa pabwaloli ndi wa mamita oposa 4,400. Madzulo kukazizira mpweya umalemerako, ndipo kunyamuka kumaphweka.

Palinso chifukwa china chimene ndegezi zimanyamukira usiku. Ku Heathrow kuli malamulo oteteza tulo ta anthu okhala mozungulira bwalo. Ndege zololedwa kutera 6 koloko ya m'mawa isanakwane ndi zowerengeka, ndipo zoyambirira zimatera cha m'ma 4:30. Woyendetsa akaona kuti mphepo yamukankha kwambiri, amachepetsa liwiro dala kuti asafike nthawi yake isanakwane. Ikakwana 6 koloko ndege zochokera ku Asia, America ndi Africa zimafika nthawi imodzi pa bwalo la misewu iwiri yokha, ndipo zina zimauzidwa kuti zizizungulirazungulira pa malo anayi odikirira, monga Biggin Hill ndi Ockham. Apaulendo ambiri amakondanso kugona m'ndege n'kufika m'mawa. Zotsatira zake n'zakuti ndege zodula kwambiri zochokera ku Ulaya zimafika ku Johannesburg m'mawa n'kuswera tsiku lonse padzuwa zikudikira madzulo.

Tsono mawotchi. Nthawi zonse zolembedwa pa tikiti ndi za kumalo kumene zatchulidwako. Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa ali pa nthawi imodzi, maola awiri patsogolo pa Greenwich, malo amene msonkhano wa ku Washington unasankha mu 1884 kuti ndiwo poyambira kuwerenga. Britain amasuntha mawotchi ake: kuyambira kumapeto kwa March mpaka kumapeto kwa October amatsalira ndi ola limodzi, miyezi inayo amatsalira ndi awiri. Ndege yonyamuka 8 koloko usiku n'kuuluka maola 11 ndi mphindi 15 idzafika 6:15 m'mawa mu July, koma 5:15 mu January. Wokachingamira m'bale wake afunsitse, pajatu safunsa anadya phula. Oyendetsa ndege ndi oyang'anira mabwalo amapewa chisokonezochi pogwiritsa ntchito wotchi imodzi padziko lonse, ya UTC.

Kusiyana kochepaku ndi mwayi wa ulendowu: thupi limatopa koma silisokonezeka. Wopita ku Sydney amapeza wotchi ili patsogolo ndi maola 8 kapena 9, ndipo amatha masiku angapo akuwodzera masana n'kumayang'ana kudenga usiku. Wochoka ku Sydney kupita ku Los Angeles amawoloka mzere wosinthira tsiku pa nyanja ya Pacific, moti amanyamuka Lachiwiri m'mawa, n'kuuluka maola oposa 13, n'kufika Lachiwiri lomwelo m'mawa.

Bwanji sizikufulumira?

Boeing 707 ya mu 1960 inkathamanga mofanana ndi ndege zatsopano za lero. Pa msinkhu umene ndege zimauluka, phokoso limayenda makilomita pafupifupi 1,060 pa ola, ndipo ndege ikayandikira liwiro limeneli mpweya umaikaniza mwamphamvu moti mafuta amatha mosakhala bwino. Ndege ya Concorde, imene inanyamula anthu kuyambira 1976 mpaka 2003, inkathamanga kawiri kuposa phokoso, ndipo mu February 1996 inachoka ku New York n'kufika ku London m'maola osakwana atatu. Koma inkanyamula anthu 100 okha, inkamwa mafuta koopsa, ndipo kugunda kwake kunkagwedeza nyumba za pansi, choncho mayiko ambiri sankailola kuthamanga chotero pamwamba pa mtunda. Njira ya Johannesburg ndi London pafupifupi yonse ili pamwamba pa mtunda. Akatswiri anasiya kulimbana ndi liwiro n'kuyamba kulimbana ndi mafuta ndi kutalika kwa ulendo. Lero ndege ya injini ziwiri zokha imachoka ku Singapore kukafika ku New York, makilomita oposa 15,000, m'maola 18 kapena 19 osatera.

Kwa munthu wa ku Lilongwe, maola ambiri satayikira mlengalenga. Ulusi wochokera pa bwalo la Kamuzu kukafika ku Heathrow ndi wa makilomita pafupifupi 8,000, waufupi ndi makilomita 1,000 poyerekeza ndi wa ku Johannesburg, ndipo samu yathu ija ikuti ndi ulendo wa maola osakwana 10. Koma kampani imaika ndege yaikulu pamene pali anthu okwanira kuidzaza tsiku ndi tsiku, ndiye wa ku Lilongwe amayenera kukasintha ndege kwina. Akadzera ku Addis Ababa amauluka makilomita pafupifupi 8,500, ndipo kudzera ku Nairobi sikusiyana kwambiri. Akadzera ku Johannesburg amayamba wapita kummwera makilomita 1,500, kufulatira kumene akupita, n'kudzabwereranso usiku, zonse pamodzi makilomita oposa 10,500. Njira iliyonse mwa izi ili ndi maola odikira pa benchi ya pabwalo, ndipo ulendo wonse kawirikawiri umapitirira maola 15.

Mayiko a Africa anagwirizana ku Yamoussoukro mu 1999 kuti atsegulirane mlengalenga, ndipo mu January 2018 bungwe la African Union linakhazikitsa dongosolo la msika umodzi wa maulendo a pandege. Kukwaniritsa kwake kukuyenda pang'onopang'ono, chifukwa maboma ambiri amatetezabe makampani awo ndipo misonkho ya pa matikiti ndi yokwera. Mpaka pano pali mizinda ya mu Africa yotalikirana maola anayi kapena asanu okha imene munthu amaifika atasintha ndege kawiri, kapena atayamba watuluka mu Africa momwemo n'kukadzera ku Dubai, Doha kapena Paris.